Mpamba Udikire Pulani

Joni
13 Januwale 2008

Okondedwa amake Peace,

Choyamba ndimve za moyo wanu pamodzi ndi ana, Peace ndi Yakobo. Chifuwa cha Yakobo chija chinaleka? Kunena ine kuno ndili bwino, kungoti msana wayamba kudandaula, poti ku nazale ya maluwa kumene ndikugwira ntchito timakhalira kuwerama tsiku lonse.

Kalata yanu a Fadili a galimoto andipatsa Lachinayi. Ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili chiimire chifukwa mtima unakwera. Mukuti a Magret akusamukira ku Liwonde kwa amuna awo, ndiye akukusiyirani malo awo ogulitsira zipatso pamsewu wokwera phiri, pakona ya kufupi ndi damu la Mulunguzi. Mukuti malo amenewo akangokhala sabata opanda munthu, mayi wina amayalapo thumba lake, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye mukuti nditumize mpamba msanga. Msanga! Amake Peace, ndalama imene ndasunga kuno ndi R9,000, ndipo yanditengera zaka zitatu ndikudya buledi ndi madzi a shuga. Imeneyi ndiye njira yanga yobwerera kwathu. Ndikaitaya ndifera konkuno. Inu mukufuna ndiiponye m'dengu chifukwa choti a Magret akusamuka?

Tamverani zimene maso anga aona. Bizinesi sayamba ngati ndewu ya pamowa. Abwana anga, mayi mwini nazale, ali ndi chifayilo chofiira mu ofesi mwawo, chonenepa ngati Baibulo la paguwa. Amachitcha bizinesi pulani. M'menemo muli zonse: ugula chiyani, ugulitsa kwa yani, upindula zingati chaka chino ndi chamawa. N'chifukwa chake iwo ali ndi magalimoto atatu, pamene a Magret akhala pakona ija zaka khumi, nsapato ikadali yomwe ija ya pulasitiki.

Ndatumiza R400. Mukasinthe, mupite nayo ku Chikanda kwa msuweni wanga a Hamilton. Anamaliza ku yunivesite, ali ndi kompyuta, ndipo kulemba mapulani ndiye ntchito yawo. Akalemba, pulaniyo ibwere kuno ndiione ndi maso angawa. Ikatero mpamba wonse ndikutumizirani, ine n'kutsatira m'mbuyo. Kuthamanga si kufika.

M'katoni muli sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za Peace. Zikakula muikemo nsanza kutsogolo, phazi likula.

Ndine amunanu,
Gilson


Joni
17 Febuluwale 2008

Amake Peace,

Za moyo wanu sindifunsa kwambiri, poti wodwala sakwera phiri la Zomba m'mawa uliwonse. Ana muwapatse moni. Ine ndilipo.

Koma inu! Zoona zimene ndamvazi? A Hamilton anandifulasha Lamulungu, ine n'kuthamangira kukagula mayunitsi poganiza kuti pulani yatha. Ati: "Achimwene, ndalama ija ine sindinaione. Alamu ndawapeza pakona ya damu atayala mapeyala ndi magalagadeya, akuimitsa magalimoto." Mayunitsi anga n'kuthera kumva zimenezo. Ndiye dzana kalata yanu ikufika, inu osachita n'komwe manyazi, mukulemba kuti R400 ija munagulira madengu awiri, timabasiketi ta nsungwi ndi katundu woyambira, chifukwa malo sakanadikira. Malo sakanadikira! Nanga ine amene ndadikira zaka zitatu ndine chitsa?

Mukuti sabata yoyamba munapeza K1,800 yapamwamba. Musandinyengerere nazo zimenezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapeyala oola mwawawerengera? Nanga miyendo yanu, kuchoka ku Chinamwali kukafika kudamu, n'kubwerera? Zimenezi ndi zimene pulani imaonetsa munthu asanagwe m'dzenje.

Lucius wa ku Jali, amene ndimakhala naye mu mkuku, kanyumba kathu kamalata kano, akuti ndikusiyeni. Akuti amayi ake analera ana asanu ndi zitumbuwa popanda pepala lililonse. Ndamuuza kuti n'chifukwa chake iyeyo ali kuno akusenza njerwa za eni ake. Wakwiya, sakundiyankhula, koma ndi zoona.

Ndapereka R400 ina m'manja mwa a Fadili kuti akapereke okha kwa a Hamilton. Isadzere kwa inu, ndaphunzira. Mpamba uli m'chitini cha mkaka, ndinachikwirira pansi pa bedi. Kubanki salandira munthu amene masiku a mu pasipoti anamuthera, izi mukuzidziwa. Ndimagona pamwamba pake ngati nkhuku yofungatira, ndipo sichichoka pamenepo mpaka pulani itafika.

Denga la kukhitchini likudontha mukuti? Ikani pepala lakuda mupanikize ndi njerwa, malata tidzagula bizinesi ikaima bwino.

Gilson


Joni
23 Malichi 2008

Amake Peace,

Ndikhulupirira Pasaka mwadya bwino ndi ana. Ine ndapemphera kuno ndi anzathu a kumudzi, kenako aliyense n'kubwerera msanga kwake. Thupi lili bwino.

Kodi inu mukufuna mundidanitse ndi abale anga? A Hamilton andilembera kalata yodandaula. Akuti anabwera pakona panu kudzachita kafukufuku wa msika, atanyamula mafunso olembedwa pakompyuta, ndipo inu munawayankha ngati mukuyankha mwana wopempha mchere. Anakufunsani kuti mumagulitsa timabasiketi tingati patsiku. Inu akuti: "Zimatengera nkhungu." Amake Peace, nkhungu! Munthu wophunzira alembe chiyani m'kabokosi ka nambala? Ndikudziwa kuti nkhungu ikatsika alendo sakwera phiri, ndinakulira pomwepo inenso, koma bizinesi imafuna nambala.

Anakufunsani kuti opikisana nanu ndani. Inu akuti: "Palibe, awa ndi anzanga, ndikapita kuthengo amandigulitsira." Anakufunsani masomphenya anu a zaka zisanu. Inu akuti: "Abambo a Peace abwere." Mawu amenewo ndawawerenga kangapo, sindikana. Koma limenelo si yankho la bizinesi. Ndipo pomaliza, munthu atadya mapeyala awiri chifukwa cha njala ya m'phiri, inu n'kumulipiritsa K60. Msuweni wanga! Tsopano akuti ntchito yakula chifukwa simunathandize, akufuna R300 yowonjezera. Ndatumiza, nanga n'kutani.

Nkhani ya mabedi ndaimva. Mukuti alimi a pamwamba pa phiri ayamba kuwokera masitiroberi, ndipo amene wapereka ya manyowa ndi ya mbande panopa, zipatso za bedi limenelo amagula yekha nyengo yonse pamtengo wapansi. Mukuti mavenda a ku Limbe afika kale ndalama zili m'manja, ndiye mukupempha R1,500 ya mabedi khumi. Iyayi. Pepala lake lili kuti? Mungopatsana ndalama m'thengo, mboni yake mitengo ya paini? Mukuti kumeneko mawu a munthu ndiye pepala, ndipo mlimi akanamiza mayi mmodzi amayi onse a pamsewu amamusiya. Zimenezo mukauze a Hamilton azilembe, ine ndiziwerenge mu pulani.

Kuno mu takisi masiku ano ndimakhala duu, ngakhale wina andiponde. Chifukwa chake ndidzakuuzani pamaso. Musadandaule nazo.

Peace asajombe kusukulu chifukwa cha madengu anuwo, ndanena.

Gilson


Joni
27 Epulo 2008

Okondedwa amake Peace,

Moni kwa nonse. Kuno kwayamba kuzizira, malata a mkuku amachita kudontha mame m'kati, koma ine ndili wosangalala chifukwa pulani yafika.

Abale inu, chinthu chokongola! Mapepala makumi atatu ndi anayi, chikuto cha pulasitiki, waya wopota kumbali, ndi zithunzi za mizere yokwera yokhayokha. Chingerezi chake n'cha mafupa, ine wa Fomu 2 ndikungotolamo apa ndi apo, koma mutu wake ndaumva. Tikhala ndi sitolo m'tauni kufupi ndi depoti, firiji yagalasi, antchito awiri ovala yunifolomu, ndi chikwangwani cha dzina lanu. Zonse pamodzi zikufuna K900,000. M'chitini muli ngati K165,000. Lucius wawerengetsa pansi ndi kamtengo, akuti pa liwiro langali ndi zaka zina khumi ndi zitatu. Lucius sadziwa masamu. Ndiipereka kwa abwana anga aione. Munthu wodziwa fayilo akaona pulani ngati iyi, amalowetsapo dzanja.

Koma inu mwandikhumudwitsa. Kope lanu mwakapereka kwa a Maliya aphunzitsi kuti akuwerengereni, ndiye mukundilembera kuti munaseka mpaka misozi. Mukuti pulani ikugulitsa masitiroberi mofanana kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndiye mukufunsa kuti a Januwalewo a Hamilton akawathyola m'munda mwa yani. Nanga firiji ndi yachiyani? Kuseka n'kosavuta. Munthu wakhala pakompyuta miyezi iwiri, inu n'kumuseka ndi a Maliya pakhonde.

Ndipo izi ndiye zandipweteka zenizeni. Ndamva kwa a Fadili, osati kwa inu, kuti mabedi mwapeza atatu popanda ndalama. Akuti mwakhala masabata atatu mukupempha zitosi m'makola a nkhuku mu Chinamwali, n'kumasenza pamutu kukwera nazo phiri, mlimi n'kukulemberani mabedi m'malo mwa ndalama. Mkazi wa munthu wa ku Joni kusenza zitosi kudutsa pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo! Anthu aziti Gilson akutani kumeneko? Mwandivula, amake Peace. Mukanadikira mwezi umodzi wokha.

Ndatumiza bulangete limodzi ndi juzi ya Yakobo. Shuga ndalephera, a Fadili akweza mtengo wa katundu.

Ndine amunanu,
Gilson


Joni
12 Meyi 2008

Amake Peace,

Ndili bwino, musamvere zonse za pawailesi. Ana ali bwanji?

Ndilemba mwachidule, a Fadili akunyamuka mawa m'mamawa. Kumalokeshoni ena kwavuta, eni dziko akuthamangitsa ife obwera, koma kwathu kuno kuli zii. Anthu akungoyang'anana. Mayi amene ndimagulako tomato, amene ndakhala ndikuseka naye zaka ziwiri, dzulo wandipatsa chenji osandiyang'ana kumaso.

Lucius wachita mantha ngati mwana. Wapereka kwa a Fadili wailesi yake, njinga, ndi ndalama zake zonse kuti zikafike ku Jali. Wandikakamiza usana wonse kuti nanenso ndifukule chitini. A Fadili nawo akuti: "Achimwene, ndipatseni ndikapereke kwa alamu, ndalama ikagone kwawo." Ndakana. Ndikutumizireni lero, mawa ndimve kuti mwagulira mabedi ena m'thengo? Ndakudziwani tsopano. Abwana anga apita kukaona mwana wawo, abwera Lolemba likudzali, ndipo alonjeza kuti pulani aiwerenga tsiku lomwelo. Chitini chadikira zaka zitatu, sabata imodzi si kanthu.

Mukuti mwayamba kutsika ndi zotsala kukagulitsa kwa ana a sukulu ku Chikanda madzulo, ndipo akumagula magalagadeya onse. Mu pulani mulibe zimenezo. Ndangokuuzani.

Gilson


Joni, kuholo ya tchalitchi
25 Meyi 2008

Amake Peace,

Ndili moyo. Yambani mwauza ana zimenezo. Ndilibe bala. Lucius anamutema pamutu, anamusoka, akuyankhula. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa ku Thondwe amene wapeza malo m'basi.

Lolemba ndinavala jekete lija la ku ukwati wa achemwali, pulani ndinaiika m'thumba lam'kati, n'kupita kuntchito. Nthawi ya tiyi abwana anandiitana mu ofesi. Anavala magalasi, n'kuyamba kutsegula. Peji yoyamba anagwedeza mutu. Atafika pakati anaima, anabwerera m'mbuyo, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba. Ati: "Gilson, kodi akazi ako akugulitsa zipatso kapena nkhuku?" Peji 17, amake Peace. Ikunena za katemera wa anapiye ndi utuchi wa m'khola. A Hamilton anangotenga pulani ya munthu wina woweta nkhuku, n'kumachotsa nkhuku kuikamo masitiroberi, peji imodzi n'kuiwala. N'chifukwa chake zipatso zawo zimabereka chaka chonse! R700 yanga, kuphatikiza ulemu wanga, ndagulira nkhuku za eni ake.

Ndinaloza chifayilo chofiira chija, ndikuti nanga inu bwana simunayambire pamenepa? Anandiyang'ana modabwa. Akuti anayamba ndi mbande makumi awiri kumbuyo kwa galimoto ya malemu amuna awo, pamsika wa Loweruka. Chifayilo anachilemba chaka chachisanu ndi chiwiri, a banki atachifuna, ndipo zonse zili m'menemo anayamba waziphunzira pamsika. Akuti pulani ndi yabwino, koma amalemba ndi munthu amene waona makasitomala ake kumaso. Kenako anandifunsa kuti akazi ako ayamba kale? Ndinati inde, miyezi inayi tsopano. Ati: "Nanga iwe ukudikira chiyani?" Zaka zitatu ndikupukuta fumbi pachifayilo chimenecho, osafunsa ngakhale tsiku limodzi kuti chinabwera liti.

Ndinapempha kuweruka msanga. M'njira monse mtima unali pa chitini, ndikuti ndifukula lero lomwe, ndisaka aliyense wopita kumudzi. Ndinafika cha m'ma folo koloko. Mzere wathu wonse wa mikuku kunalibe, othamangitsa obwera aja anali atafika. Malata anasasula, zotsala anayatsa, utsi ukadafuka. Pamene panali bedi langa ndinapeza dzenje. Anakumba bwinobwino, osathamanga, ankadziwa kuti ife opanda mapepala timakwirira.

Ndiye ndatsala ndi jekete, buluku, ndi pulani ya a Hamilton. Imeneyo ndiye sinapse, inali pamtima panga penipeni. Tikugona anthu mazana muholo muno, ine ndimatsamira iyo.

Musanditumizire mawu oti munanena. Ndikudziwa kuti munanena.

Gilson


Joni, kuholo ya tchalitchi
8 Juni 2008

Okondedwa amake Peace,

Moni kwa inu, kwa Peace ndi kwa Yakobo. Ine chifuwa chandigwira chifukwa cha simenti yozizira, koma ndikuyenda. Galimoto ya a Fadili inyamuka Lachinayi ikadzaza, ndipo ine ndili momwemo. Kalatayi ndapatsira wa basi kuti itsogole, chifukwa muli mawu amene pamaso panu pakamwa padzandilemera.

A Fadili anandipeza Lachisanu atazungulira maholo atatu akufunsa dzina langa. Ndinayamba kuwapempha kuti anditenge pangongole. Iwo ati: "Achimwene, mpando wanu unalipiridwa kale ku Zomba, K13,000, ndipo alamu awonjezera ya chakudya cha panjira." Ndinawafunsa kuti ndalama yotereyi mwaitenga kuti. Anazengereza, ndinawapanikiza. Ati mwa mabedi atatu aja, awiri mwagulitsa kwa venda wa ku Limbe, zipatso zitayamba kale kufiira.

Amake Peace, munandifunsa? Ndani anakuuzani kuti mugulitse? Masabata atatu mukusenza zitosi pamutu kukwera phiri lija, mvula ikukukunthani, ine ndili kuno ndikukunyozani m'makalata, ndiye nthawi yothyola yafika inu n'kupereka kwa munthu wa ku Limbe? Mukanandisiya ndidikire mabasi aulere otibweza kumudzi, ngakhale mndandanda wake utalike bwanji. Ndakwiya kwambiri. Ndinatuluka panja kuseri kwa holo kuti anthu asandione nkhope, ndipo ndinakhalako nthawi yaitali.

Mukanakhala ndi mabedi khumi. Munapempha R1,500 yokha, ine ndili ndi R9,000 pansi pa bedi. Amene anakumba dzenje lija ndi anthu oipa, Mulungu awaone, koma amene anakana kufukula chitini a Fadili ataimika galimoto pakhomo ndi ine. Ndalakwa, amake Peace. Ndalemba ndi dzanja langa kuti musunge, poti ine ndine uja wokonda mapepala.

A Hamilton muwauze asavutike kudzandichingamira. Ndidzawapeza ndekha ku Chikanda, ndikawawerengere peji 17 mokweza, ana a sukulu akumva.

M'kalata yanu imene a Fadili abwera nayo mukuti pulani ndisaitaye, ndibwere nayo, chifukwa mapepala ake ndi olimba, ndi abwino kuyala pansi pa timabasiketi kuti masitiroberi asaphwanyike. Pepala la R700 kuyalira zipatso! Ndinafuna kukana, koma chabwino, mutenge makumi atatu ndi atatu. Ya nkhuku ija ndisunga ine.

Sindikubweretsa kanthu. Ana muwauziretu, asathamangire chikwama. Anthu a mu Chinamwali anene zimene anene, ndinawaopa kokwanira. Ndikapuma tsiku limodzi, lotsatiralo mundidzutse nthawi imene mumadzukayo. Dengu lalikulu lija likhale langa, ndipo ngati mlimi uja akufunabe manyowa a chaka chamawa, mutu ndili nawo. Mundionetse poima, mundiuze mitengo, mukandidzudzula musachite pamaso pa amayi anzanuwo.

A Fadili andifunsa dzulo kuti kodi bedi limodzi lingadyetse anthu anayi, ndipo tizigulitsa timabasiketi tingati patsiku. Ndawauza kuti zimatengera nkhungu.

Ndine amunanu,
abambo a Peace